Nkhono zadzaza thanki ya nsomba: musathamangire mankhwala

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo kunena kuti thanki yake yagalasi, momwe amasungamo mbuna, yadzaza ndi tinkhono tating'onoting'ono, ndipo akufuna dzina la mankhwala oti athiremo kuti tinkhonoto tife tonse tsiku limodzi. Mayi, mawu oti mankhwalawo ndi amene andikhudza, chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene amachita.

Mlamu wanga anali ndi thanki yaikulu pabalaza, yokhala ndi miyala yosanjidwa bwino ndi mchenga woyera pansi. Nkhono zitachuluka, wogulitsa wina m'tauni anawapatsa kabotolo ka mankhwala okhala ndi kopa, n'kuwatsimikizira kuti nsomba sizikhudzidwa. Nkhono zambiri zinafadi, koma zinafera m'mipata ya miyala ndi pansi pa mchenga pomwe dzanja silifika, ndipo zinayamba kuwola. Usiku wotsatira magetsi anathima, pampu ndi sefa zinaleka kugwira ntchito. Pamene ndinkafika m'mawa madzi anali atachita mbuu, fungo likumveka kuyambira pakhomo, ndipo nsomba zotsala zinali zitaunjikana pamwamba kukamwa kuli yasa, zikupuma movutikira. Chimene chinazipha ndi amoniya, poizoni wochokera m'nkhono zowolazo, ndipo amoniya amaopsa kwambiri m'madzi amene mbuna zimafuna, omwe pH yake (muyezo wa asidi m'madzi) ndi yokwera, pafupifupi 8, kusiyana ndi m'madzi ena. Chopweteka kwambiri n'chakuti patapita milungu ingapo nkhono zinaonekanso pagalasi, pomwe nsomba zinapita ulendo wosabwerera.

Kuti zinapulumuka bwanji si chinsinsi. Nkhono za chigoba chachitali chosongoka, zimene dzina lake la sayansi ndi Melanoides tuberculata, zili ndi kachitseko kotsekera pakamwa pa chigoba, ndipo madzi akaipa zimadzitsekera mkati n'kulowa mumchenga. Zimabereka ana amoyo, ndipo yaikazi imaswana popanda yaimuna, choncho imodzi yokha ikwanira kudzaza thanki. Masana simuziona, koma mukayatsa tochi pakati pa usiku mudzapeza galasi lonse lili nyomi. Mitundu ina iwiri yofala, ya chigoba chopyapyala chotchedwa Physa ndi ya chigoba chopindika mozungulira, imaikira mazira m'timagulu tonanda toonekera mkati, timene timamatirira kunsi kwa masamba, ndipo ndi momwe imalowera m'nyumba zathu, pa chomera chimene mnzanu wakupatsani mwaulere.

Tsopano ndinene zimene ambiri sakonda kumva. Nkhono sizichuluka popanda chakudya, ndipo chakudyacho mumaziponyera ndinu. Mbewa zikachuluka m'nkhokwe palibe amene amadabwa kuti zikudya chiyani, koma za nkhono anthu amadabwa pamene chakudya chili mbwee pansi pa thanki. Mbuna ku nyanja zimakhalira kupala ndere pamiyala tsiku lonse, choncho m'thanki zimaoneka zanjala nthawi iliyonse munthu akayandikira galasi, ndipo m'nyumba momwe bambo amathira chakudya popita kuntchito, ana pobwera kusukulu, mayi madzulo, zotsala zonse zimamira n'kukhala phwando la nkhono. Ine ndimaona kuti nkhono zochepa m'thanki n'zothandiza, chifukwa zimadya masamba owola ndi kutembenuza mchenga, ndipo zikayamba kuchuluka zimakhala zikundiuza kuti dzanja langa lalemera. Amene akufuna thanki yopanda nkhono ngakhale imodzi akudzipatsa ntchito yosatha, ndipo sindidzamuthandiza kuigwira ndi poizoni.

Ena adzakuuzani kuti mugule nsomba yodya nkhono. Imene amakonda kutchula ndi clown loach ya ku Indonesia, koma imakula mpaka masentimita 30, imafuna kukhala pagulu, ndipo madzi a mbuna sagwirizana nayo kwenikweni. Ife a Malawi tili ndi phunziro lathu pa nkhani ya nsomba zodya nkhono. Ofufuza Jay Stauffer ndi Henry Madsen, pogwira ntchito ku Cape Maclear, anasonyeza kuti pamene nsomba zotchedwa Trematocranus placodon, zimene zimaphwanya zigoba ndi mano a pammero, zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono za Bulinus nyassanus zinachuluka m'madzi osaya, ndipo matenda a likodzo anakwera pakati pa anthu a m'mudzi wa Chembe. Nsomba imeneyi imakula ndithu ndipo si ya thanki ya pabalaza, koma nkhani yake ikundifikitsa pa funso limene m'imelo yanu mulibe, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa lanu.

Nkhono zanu zinachokera kuti?

Ngati zinabwera ndi chomera chochokera m'thanki ina, mulibe choopa. Koma ngati munatola miyala, mchenga kapena zomera ku Mangochi kapena mumtsinje uliwonse n'kuziika m'thanki zisanaume, n'kutheka kuti munatenga nkhono za mtundu wa Bulinus kapena Biomphalaria zomwe zinali kale ndi tizilombo ta likodzo, ndipo nkhono yotero imatha kutulutsa tizilomboto m'madzi kwa milungu yambiri. Tizilomboti timalowa m'thupi kudzera pakhungu, osati pomwa madzi pokha, choncho ana asapisemo manja ndipo inu muzivala magolovesi. Nkhono zobadwira m'thanki sizitengera tizilomboti kwa makolo awo, chifukwa zimatitenga pokhapokha mkodzo kapena chimbudzi cha munthu wodwala chikafika m'madzi. Miyala ya kunyanja iziyamba yathiridwa madzi owira ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka iume gwa, ndipo kumbukirani kuti m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, simuloledwa kutolamo zinthu.

Chinanso, nkhono zimene mwachotsa musazitaye m'ngalande kapena mumtsinje wa Mudi, chifukwa zina mwa izo si za kuno. Namasupuni amene amatsamwitsa mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu ankamukonda ngati duwa lokongoletsera madamu.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Munthu mmodzi yekha azidyetsa nsomba, kamodzi patsiku, chakudya choti chithe pa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo tsiku limodzi pa sabata zigone ndi njala. Madzulo ikani tsamba la kabichi lofutsa pang'ono kapena chidutswa cha nkhaka m'kabotolo kopanda chitsekerero, mukamize pansi, ndipo mukavuule m'mamawa kusanayere nkhono zili momwemo, n'kuzithira madzi owira musanazikwirire. Sabata iliyonse kokani zinyalala za mumchenga ndi paipi, kwatulani mazira pamasamba ndi chala, ndipo sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, pogwiritsa ntchito madzi a pampopi amene mwawachotsa klorini. Mudzayamba kuona kusintha pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo za mumchenga zija ndi zimene zidzachedwe kwambiri kuchepa.