Mankhwala a dipuleshoni opopera m'mphuno: chipatala chake muchipeza bwanji ku America?

Mayi wina wanditumizira imelo kuchokera ku Indiana. Akuti mchimwene wake wakhala akumwa mankhwala a dipuleshoni kwa nthawi yaitali, adokotala asintha mapilisi kangapo koma zinthu sizikusuntha, ndiye wamva zoti kuli mankhwala opopera m'mphuno ndipo akufunsa kuti kiliniki yake angaipeze kuti pafupi ndi kwawo.

Achemwali, amene mwamvawo ndi esketamine, pa bokosi amalemba Spravato, ndi a kampani ya Janssen. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawavomereza mu March 2019, makamaka kwa anthu akuluakulu amene ayesapo mitundu iwiri kapena kuposa ya mapilisi, mlingo wokwanira komanso kwa nthawi yokwanira, koma osapeza bwino. Poyamba ankayenera kuphatikizidwa ndi mapilisi, koma kuyambira January 2025 akhoza kuperekedwa paokha.

Musavutike kukawafuna ku famase, sagulitsa oti mupite nawo kunyumba. Amaperekedwa m'makiliniki okhawo amene analembetsa mu ndondomeko yoonetsetsa chitetezo cha odwala yotchedwa REMS. Pa webusaiti ya Spravato pali polembapo zip code yanu, ndiye imakuonetsani malo oyandikira. Zimenezo ndi za mphindi zochepa. Chovuta ndi inshuwalansi. Imbani pa nambala ili kuseri kwa khadi lija mufunse kuti pa malo mwapezawo ndi ati amene iwo amalipira, chifukwa kiliniki ikhoza kukhala pafupi koma osalandira khadi lanu. Makampani ambiri a inshuwalansi amafuna chilolezo kaye, chija amati prior authorization, ndiye achimwenewo alembe mayina a mankhwala onse amene anamwapo, mlingo wake ndi miyezi yake, ngati aiwala ku famase komwe ankatengako amasunga mbiri imeneyo, akangowapempha amawasindikizira. Pepalalo apite nalo kwa dokotala wa maganizo, ndi amene amayendetsa zonse.

Tsopano chimene ndikufuna muganizire kwambiri ndi mayendedwe. Milungu 4 yoyamba amapita kawiri pa mlungu, milungu 4 yotsatira kamodzi, kenako kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri. Akafika amayamba awayeza BP, kenako amawapatsa kachipangizo kakang'ono ka 28 mg kuti adzipopere okha namwino akuyang'ana, tiwiri kapena titatu malinga ndi mlingo, kupuma mphindi 5 pakati. Akatha amakhala pampando maola osachepera awiri, poti mankhwalawa amakweza BP, amapatsa chizungulire, nseru, tulo, ena amamva ngati thupi si lawo. Asadye kanthu maola awiri asanapite. Ndipo galimoto sayendetsa mpaka mawa lake atagona bwino. Ndi ntchito za mashifiti zimene ambiri amagwira kumeneko, ndani aziwaperekeza? Ine ndingasankhe kiliniki yapafupi yooneka wamba kusiyana ndi yapamwamba ya kutali, chifukwa kudumphadumpha masiku kumasokoneza chithandizo chonse.

Chenjerani ndi zotsatsa za pa Facebook zolonjeza ketamine wotumiza pakhomo. Ameneyo si Spravato, ndi wosakaniza m'mafamase ena, ndipo FDA inachenjezapo mu 2022 ndi mu 2023 za kuopsa kowagwiritsa ntchito popanda wokuyang'anira. Kulinso makiliniki opereka ketamine wa mu dilipi, amenewo nthawi zambiri mumalipira za m'thumba. Mukaimba foni funsani mosapita m'mbali: "Ndi Spravato? Muli mu REMS?"

Kwa abale a ku UK amene mukuwerenga, kwanu nkhani ndi ina: bungwe la NICE, lounika mankhwala oti aziperekedwa m'zipatala za boma, linakana mu 2022 kuti NHS ya ku England iziwapereka, pomwe ku Scotland anawalola mu 2020.

Mankhwalawa sathandiza aliyense, ndipo amene anadwalapo matenda otuluka magazi mu ubongo kapena otupa mitsempha ya magazi (aneurysm) saloledwa. Mapilisi akumwawo asasiye okha podikira zimenezi. Ngati achimwene ayamba kulankhula zodzipha, musadikire za inshuwalansi, imbani 988, nambala ya ku America yothandiza ofuna kudzipha, nthawi yomweyo kapena muthamangire nawo ku emergency.