Kwa mayi a ku Makhanga amene mnyamata wawo anadulidwa mwendo

Mayi, pepani ndi zomwe zinakugwerani. Mwati ng'ona inagwira mnyamata wanu akuwedza mu Shire, achipatala anadula mwendo m'munsi mwa bondo, ndiye chibwerereni kunyumba kwaya anasiya ndipo za mpira safuna n'kumva komwe. Mukufunsa ngati alipo amene anapitiriza kuimba ndi masewera atalumala chonchi.

Alipo. Ronan Tynan wa ku Ireland anabadwa mu 1960 miyendo yake ili yosakula bwino, ndipo ali ndi zaka 20, atachita ngozi ya pamsewu, madokotala anaidula yonse iwiri m'munsi mwa mawondo. Mu 1984 ndi mu 1988 anapikisana ku Paralympics, masewera akuluakulu a anthu olumala, n'kubwerako ndi mamendulo a golide. Kenako anaphunzira udokotala ku Trinity College Dublin. Kuimba anakulowa mwamphamvu atadutsa kale zaka 30, koma mu 2004 anali m'gulu la oimba pa maliro a Ronald Reagan, pulezidenti wakale wa America.

Mwina mukuti ameneyo ndi mzungu wa ndalama. Chabwino. Taonere Banda ndi wathu wa kuno, maso ake saona bwino, koma mu 2016 anakathamanga mamita 1500 ku Rio m'dziko la Brazil, Mmalawi woyamba kupikisana ku Paralympics.

Koma ine chondivuta ndi ife apakhomo. Msuweni wanga wa ku Bangula atadulidwa mwendo, azimayi amabwera tsiku lililonse, kukhala pamphasa n'kumati "iii, mwana wabwinobwino ameneyu!" ngati pali maliro. Iye amangotembenukira kukhoma. Anamudzutsa ndi mkulu wa kwaya, amene sanapepese n'komwe. Anangoima pakhomo n'kunena kuti Lamulungu woimba tena palibe, Lachisanu abwere ku pulakatisi. Anapita pa kabaza, ndodo zili pamiyendo.

Za mpira musamukakamize kaye. Chitsa cha mwendo chipole, kenako funsani achipatala akulembereni kalata yopita ku Blantyre akamuyeze mwendo wovala. Muziwauziratu za kutentha kwathu kuno. Mu Okutobala thukuta limadzaza m'kati muja, khungu limanyuka, ndiye masokosi ovala pachitsapo akhale angapo, ochapa tsiku ndi tsiku. Komanso poti akukula, mwendowo udzamuthina, muzibwerera nawo.

Amaimba mawu anji mnyamatayo? Ngati ndi besi, uzani akwaya mawa lomwe, mabesi amasowa paliponse.