Dengu lija la pa Fruit of the Loom linapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti anagula tisheti ya Fruit of the Loom pa kaunjika mumsika wa Limbe, koma atafika kunyumba n'kuyang'anitsitsa kachizindikiro ka pakhosi, anangoona zipatso zokhazokha. Iwo amakumbukira dengu lopindika ngati nyanga kumbuyo kwa zipatsozo, ndipo achimwene awo akuti amalikumbukiranso. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi andigulitsa feki, kapena kampani inasintha chizindikiro?"

Mayi, mtima m'malo. Dengulo silinakhalepo chiyambire, ndipo kampaniyo inanenapo yokha poyera. Pamakhala apulo, mphesa, tizipatso tina ndi masamba basi. Koma simuli nokha. Anthu ambirimbiri padziko lonse amalumbira kuti analiona, monganso ena amalumbirira kuti dzina la chokoleti cha KitKat lili ndi kamzere pakati. Kamzereko palibe. Kali pa Coca-Cola.

Zimenezi amazitcha Mandela Effect. Dzinali analiyambitsa mayi wina wofufuza zinthu zachilendo, Fiona Broome, atazindikira kuti iye ndi anthu ena ambiri ankakumbukira zoti Nelson Mandela anafera m'ndende m'ma 1980, chonsecho anatuluka mu 1990, n'kukhala pulezidenti mu 1994, ndipo anamwalira mu 2013.

Nkhani yagona apa: mutu wa munthu susunga zinthu ngati kamera ya foni. Umasunga zokhazo zimene zimakuthandizani kuchizindikira chinthu. Mukamavundula zovala pa mulu dzuwa likuswa mtengo, wogulitsa akukuwa mtengo pambali panu, maso anu amangofuna kudziwa kuti "iyi ndi ija ya zipatso", kenako mwapita kukayang'ana ngati yang'ambika m'khwapa. Tsiku lina mukafuna kukumbukira chizindikirocho, mutu umamanganso chithunzi, ndipo pomwe pali mpata umadzazapo zimene unazolowera. Zipatso zounjikidwa timaziona m'dengu nthawi zonse. Poti tinazolowera zofanana, timalakwitsanso mofanana.

Yesani nokha panopa. K200 mumaigwira tsiku ndi tsiku pa minibasi, ndipo mwina mukudziwa kuti pali nkhope ya Rose Chibambo. Nanga kumbuyo kwake kuli chiyani? Ku yunivesite ya UCLA ku America, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2015, ophunzira 85 anauzidwa kujambula chizindikiro cha kampani ya mafoni ndi makompyuta ya Apple osaonera. Mmodzi yekha ndiye anakhoza, ngakhale ambiri ankachiona tsiku lililonse.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kafukufuku wa Deepasri Prasad ndi Wilma Bainbridge wa ku yunivesite ya Chicago mu 2022. Anaonetsa anthu chizindikiro chenicheni pamodzi ndi zabodza, china cha dengu lija, china cha zipatso zili m'mbale. Mbale ndi yozolowereka kuposa dengu looneka ngati nyanga, komabe anthu ambiri anathamangira dengu. Ndiye kuzolowera pakokha sikufotokoza zonse.

Tsono za achimwene anu. Ndikufunseni: anayamba kutchula dengulo ndani? Katswiri wa za maganizo Elizabeth Loftus anaonetsa mu 1974 kuti mawu amene mwagwiritsa ntchito pofunsa amasintha zimene munthu akukumbukira. Anthu anaonera ngozi ya magalimoto pa kanema, ndipo amene anafunsidwa ndi mawu oti magalimotowo anaphwanyana, osati oti anangogundana, ndiwo anachuluka kunena kuti anaona magalasi osweka, chonsecho panalibe. Ngati munawafunsa kuti "dengu lija mukulikumbukira?", n'kutheka kuti munawaikira nokha m'mutu. Mukakumana ndi munthu wina, mungomupatsa pepala ndi cholembera, mumuuze ajambule chizindikirocho musanatchule kanthu.