Zochotsa magazi oundana mu mtsempha wa basilar: yankho kwa achemwali a ku Chinamwali

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwalemba kuti bambo anu anagwidwa ndi sitiroko masiku asanu apitawo, sikani yasonyeza kuti mtsempha wa mu ubongo wotchedwa basilar watsekeka, ndipo achimwene anu a ku Johannesburg akuti musonkhe ndalama awatenge, poti kumeneko madokotala amatha kukoka magazi oundanawo ndi kachipangizo. Mukufunsa ngati n'zoona komanso ngati mugulitse puloti. Ndimagwira ntchito ya unamwino, ndiye ndiyankha monga mmene ndingayankhire mbale wanga.

Achimwene anu sakunama. Chithandizocho chilipo, madokotala amachitcha thrombectomy. Koma chimagwira ntchito m'maola ochepa oyambirira, osati pa tsiku lachisanu. Puloti musagulitse chifukwa cha chimenechi.

Mtsempha wa basilar ndi wofunika kuumvetsa. Kumbuyo kwa khosi kuli mitsempha iwiri yomwe imakwera ndi magazi kudzera m'mafupa a khosi, n'kukakumana m'kati mwa chigaza kukhala umodzi. Umodziwo ndiye basilar. Umadyetsa tsinde la ubongo, pomwe pamayendetsedwa kupuma, kumeza, kuyenda kwa maso ndi kukhala maso kumene. Umadyetsanso mbali ya kunkhongo yomwe imathandiza kuti munthu ayende osadzandira. Zili ngati paipi yaikulu yochoka ku damu la Mulunguzi: ikatsekeka pamwamba, si nyumba imodzi yomwe imasowa madzi. N'chifukwa chake sitiroko imeneyi, ngakhale kuti si yofala, ili m'gulu la zoopsa kwambiri. Ena amafika poti akumva zonse, nzeru zili bwinobwino, koma chomwe angathe kusuntha ndi maso okha.

Pochotsa magaziwo sang'amba mutu ayi. Dokotala amaboola mtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu, nthawi zina wa pamkono, n'kulowetsa kachubu kakatali kopyapyala. Amakayendetsa m'kati mwa mitsempha akuyang'ana pa sikirini ya makina a X-ray, atathira mankhwala opangitsa kuti mitsempha izioneka, mpaka kakafike pomwe patsekeka. Akafika amayamwa magazi oundanawo, kapena amatambasula kaukonde kawaya komwe kamawakola n'kuwakokera kunja. Ntchito yake imafuna chipinda chapadera chokhala ndi makinawo komanso dokotala amene anaphunzira zimenezi basi, ndipo ngakhale m'mayiko olemera si chipatala chilichonse chomwe chimaichita.

Umboni woti njirayi imathandiza pa mitsempha ikuluikulu ya kutsogolo kwa ubongo unapezeka mu 2015. Pa basilar panatenga nthawi. Kafukufuku wa BASICS, yemwe anatuluka mu 2021, sanaonetse kusiyana kokhutiritsa. Mu 2022 ndi pomwe akafukufuku awiri a ku China anasintha maganizo a madokotala. Wa ATTENTION anatenga odwala omwe anali asanapyole maola 12: mwa anthu 100 alionse omwe anachotsedwa magaziwo, 46 anali akutha kuyenda okha pakutha pa masiku 90, pomwe mwa omwe anangolandira mankhwala anali 23. Omwalira anali 37 kuyerekeza ndi 55. Wa BAOCHE anatenga omwe anali pakati pa maola 6 ndi 24, zotsatira zake n'kukhala zofananirako, 46 ndi 24. Taonani manambalawo bwino. Ndi chithandizo chabwino zedi, koma ngakhale ku China komweko, m'zipatala zokhala ndi chilichonse, oposa theka sanabwerere mwakale, ndipo pafupifupi asanu mwa 100 anakha magazi mu ubongo moti zinthu zinaipiraipira.

Nkhani yagona pa maola 24 aja. Ubongo womwe wakhala masiku osalandira magazi umakhala utafa, ndipo kutsegula mtsempha panthawiyo sikuudzutsa, kumangoonjezera mwayi woti magazi akhe. Ndiye ganizirani pasipoti, kalata ya dokotala yololeza wodwala kukwera ndege, ulendo wa ku Chileka, ndalama zolipiriratu chipatala. Ngakhale mukanayamba kuthamanga tsiku lomwelo, nthawi ikanakutherani panjira. Musadziimbe mlandu kuti munachedwa. Ngati achimwene akufunitsitsa kuchitapo kanthu, atumizireni zithunzi za sikani ndi zomwe madokotala alemba, akaonetse dokotala wa ubongo kumeneko apereke maganizo ake. Zimenezo sizilira puloti.

Ndalama ndi mphamvu zanu zipite pa zomwe zimapulumutsa anthu m'masabata akubwerawa. Choyamba ndi kumeza. Sitiroko ya mtsempha umenewu imaononga kwambiri kumeza, ndipo ife a Malawi chikondi chathu timachionetsa ndi phala. Gadiyani amakweza mutu wa wodwala pang'ono, n'kumathira ndi sipuni, wodwala akutsokomola, mawu akumveka ngati muli madzi pakhosi, iye n'kumati “limbikirani mudye”. Phalalo likulowa m'mapapo, ndipo pakapita masiku awiri atatu chibayo chayamba. Ena satsokomola n'komwe koma likulowabe. Musawapatse kanthu pakamwa, ngakhale madzi kapena mapiritsi, mpaka a chipatala ayese kamezedwe kawo. Akanena zoika chubu cha m'mphuno, vomerani. Ambiri amachiopa poganiza kuti ndiye kuti munthu wapita, pomwe chimangodutsitsa chakudya pamalo oopsa mpaka khosi litayambanso kugwira ntchito.

Muziwatembenuza pakapita maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda pamatako ndi pazidendene, ndipo muziwatsuka m'kamwa. Mafizo ayambe msanga madokotala akangololeza. Akadzatuluka mufunse za Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Muziwalankhula ngati munthu amene akumva, chifukwa kawirikawiri amamvadi. Zokambirana za chuma ndi maliro pambali pa bedi ayi. Afunseni kuti aphethire kamodzi ngati akuvomera, kawiri ngati akukana, muone ngati akutsatira.

Kwa ena nonse amene mukuwerenga, sitiroko iyi imapusitsa. Tinazolowera kuti sitiroko ndi kupotoka kamwa ndi kufa mbali imodzi. Ya basilar imatha kuyamba ndi chizungulire champhamvu chadzidzidzi, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kudzandira ngati munthu woledzera, kapena kufooka mbali zonse ziwiri. Zimatha kubwera n'kusiya kwa mphindi zingapo kenako n'kubweranso. Apa ndi pomwe timataya nthawi: wina akuti ndi malungo tigule LA, wina akuti aledzera agone, wina wayamba kale kuloza anthu zala. Munthu wa BP kapena shuga akachita zimenezi, mutengereni ku Zomba Central nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo mukumbukire ola lenileni lomwe munamuona komaliza ali bwino, chifukwa dokotala adzafunsa. Musamumwetse asipirini kunyumba. Sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika, ndipo popanda sikani simungasiyanitse.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ku Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Inuyo ndi achimwene anu mukayezetse, poti zimayenda m'magazi.

Mawa madokotala akamazungulira muwodi, mufunse zinthu izi: ngati kamezedwe kayesedwa, BP ndi shuga zili pati, ngati mtima ukugunda mwadongosolo poti magazi oundana ena amachokera kumtima, komanso mankhwala omwe bambo azimwa kuti sitiroko isabwerenso. Mulembe mayankhowo m'kope, chifukwa magadiyani mumasinthana.