Mwana wanu wamtali uja ndi matenda a Marfan: yankho kwa mayi wa ku Lizulu

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lizulu. Mwachidule akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 17 ankadandaula maso, atapita naye ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe anapeza kuti kagalasi ka mkati mwa diso kasuntha, nkumujambulanso mtima, kenako nkuwauza kuti ali ndi Marfan syndrome, matenda akumtundu. Ndiye akufunsa kuti kodi zachokera kwa iwo kapena kwa bambo ake, nanga mwanayu akhala moyo? Poti akuchimuna ayamba kale zoti kwathu kulibe zimenezi.

Mayi pepani kwambiri, koma mtima m'malo kaye.

Mukudziwa luzi lomangira denga lija? Thupi nalonso lili ndi luzi lake logwira mafupa, maso, mtima ndi misempha kuti zikhale m'malo mwake, ndipo china chomwe chimapanga luzilo chimatchedwa fibrillin-1. Kwa munthu wa Marfan jini (malangizo a m'thupi omwe timatengera kwa makolo) yopanga chimenechi, FBN1, imakhala ndi vuto ndiye luzi limakhala lofooka, limatamuka. Nchifukwa chake ambiri amakhala ataliatali, zala zitalizitali, akatambasula manja utali wake kuposa msinkhu wawo, ena chifuwa cholowa mkati kapena msana wopindika. Dzinali ndi la dokotala wa ana wa ku France, Antoine Marfan, yemwe analemba za matendawa mu 1896. Amagwira munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 5,000.

Za kumtunduzo zili chonchi. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena osatengera, theka kwa theka, wamkazi kaya wamwamuna chimodzimodzi. Koma pa odwala anayi aliwonse mmodzi amakhala kuti zangoyambira pa iyeyo, makolo onse alibe. Ndiye zolozana chalazo nzongotaya nthawi, si ufiti, si tsempho, palibe chomwe munalakwitsa muli ndi pakati. Ine ndikanakhala inu funso loti zachokera kwa ndani ndikanalifunsa pa chifukwa chimodzi basi, kuti ena ayezedwe. Inuyo, bambo ake, abale ake onse. Khalani pansi ndi amalume komanso akuchimuna mukumbutsane ngati kunali wina wamtali amene anangogwa nkumwalira akadali wachinyamata anthu nkumati anachita kumulodza, zimenezo mukawauze adokotala.

Chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi, choopsa si kutalikako ayi, ndi msempha waukulu wotulutsa magazi mumtima, aorta. Umafufuma pang'onopang'ono osapweteka nkomwe, mwana akudya nsima bwinobwino akumenya mpira inu nkumati wachira, pamene mkatimo ukukula mpaka tsiku lina kung'ambika. Ndiye sikani ya mtima ija, echo, si yopanga kamodzi nkuiwala, kawirikawiri imakhala chaka ndi chaka, ndipo nambala ya kukula kwa msemphawo muzionetsetsa kuti yalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Mapilisi ngati atenolol kapena losartan amachepetsa liwiro la kufufumako, akampatsa asamadumphitse olo akumva bwino. Msemphawo ukafufuma kufika cha m'ma 5 cm ndi pamene amayamba kukamba za opaleshoni, yomwe nthawi zambiri imafuna kutumizidwa kunja monga ku India. Ochiza kuti atheretu palibe, koma olondoledwa bwino masiku ano akumafika mpaka ukalamba.

Mwanena kuti amapanga ganyu yokweza matumba a kachewere m'malole pamsikapo. Imeneyo ndiye aisiye, ndikudziwa ndi ndalama koma kunyamula zolemera kochita kubanika kumakankha msempha uja. Mpira wampikisano wogundanagundana nawonso ayi. Kuyenda, kupalasa njinga mosathamanga, zimenezo zilibe vuto. Maso azikayezetsabe.

Akadzangomva kupweteka koopsa mwadzidzidzi pachifuwa kapena kumsana, kapena kubanika, musadikire kuti kuche, musathamangire panado, pezani galimoto ndipo mukangofika munene mawu oti Marfan kwa oyamba kukumana naye.

Mwatchulanso mlongo wake amene akufuna kulowa m'banja chaka chino. Ameneyo ndiye ayambe ndi iyeyo kuyezedwa asanatenge mimba, chifukwa mimba imalemetsa msempha womwewu, komanso losartan samwa munthu woyembekezera. Mundilemberenso mukabwerako ku Lilongwe.