Nyenyezi zikutuluka ngati timizere

Funso: Akonzi, ndili ku Ulongwe, ku Angónia. Ndikajambula mlalang'amba ndi foni, nyenyezi zimatuluka ngati timizere. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, mwina dzanja likunjenjemera, kapena kamera ikukhala yotsegula nthawi yaitali. Dziko limazungulira, choncho nyenyezi zimasuntha pachithunzi. Tsamiritsani foni panjerwa, ikani ISO (mphamvu ya kamera yokoka kuwala) pa 1600, kamera ikhale yotsegula masekondi 10 mpaka 15, muyatse timer kuti foni ijambule yokha osaigwira. Mwezi usakhalepo, magetsi a m'tauni atalikire.

Ine ndimakonda Meyi ndi Juni: mvula yatha, anthu sanayambe kutentha tchire. Kuzizira kwa kwanuko mukukudziwa, valani jekete. Madzulo yang'anani kumwera, pamwamba chakumanzere kwa Southern Cross (nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda), mupeza Omega Centauri, gulu la nyenyezi mamiliyoni looneka ngati kachifunga. Orion Nebula, mtambo wowala wa mpweya ndi fumbi pakati pa nyenyezi, imakwera bwino mu Januwale, koma mitambo ya dzinja imaphimba kawirikawiri.