Nambala 13 ndi Lachisanu Lopanda Mpira

Mayi wina wa kuno ku Ohio wanditumizira imelo. Mwana wawo amasewera mpira wa Chimereka kusekondale, timu yawo inathera pa nambala 13 m'chigawo chawo pomwe olowa mu playoffs, masewero ochotsana a kumapeto kwa sizoni, ndi matimu 12 okha, ndipo makolo akuyendetsa pepala lopempha kuti chiwerengerocho chibwerere pa 16. Akufunsa ngati asayine, komanso chifukwa chomwe anawo anakhalira Lachisanu lina osasewera, pomwe Lachisanu lina anayenda maola atatu pabasi kukafuna mpira.

Mayi, kalata yanu yanditosa pachilonda. Ndikanailandira mu 2019 ndikanakuuzani kuti sayinani msanga, ndipo pepalalo munditumizire nane ndiikepo dzina.

Chaka chimenecho mwana wanga wachisamba anali m'kalasi lomaliza. Ankasewera kutsogolo, pamzere wa anyamata amatupi aja amene ntchito yawo ndi kukankhana basi, mpira osaukhudza n'komwe. Ine ndinkagwira ntchito ya usiku, ndiye Lachisanu lililonse kuyambira kumapeto kwa Ogasiti ndinkachita kupempha mnzanga kuti tisinthane, ine n'kumubwezera Lamlungu. Malamulo ake ndinawaphunzirira pabenchi pomwepo, kufunsa azungu oyandikana nawo, mpaka ndinayamba kudziwa nthawi yoimirira ndi kukuwa. Anawo anapambana masewero 7 pa 10. Nthawi imeneyo m'chigawo chilichonse munkalowa matimu 8. Usiku wa sabata yakhumi titabwerako kubwalo, tinakhala kukhitchini, nsima itazizira pambale, tikungotsegula pafoni tsamba la Joe Eitel loonetsa zotsatira ndi mapointi a matimu, lija limene kholo lililonse la mpira ku Ohio limalidziwa. Tinkadikira zotsatira za sukulu ina yakutali imene tinaigonjetsa mu Seputembala. Ikanapambana usiku umenewo, ife tikanalowa. Inagonja. Tinathera pa nambala 9.

Mnyamatayo sanalire. Anangomasula tepi yam'manja pang'onopang'ono, n'kuiika patebulo, n'kupita kukagona. Lolemba anakabweza helimeti ndi zovala kusukulu, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanaseweretso. Izi n'zimene anthu akumudzi sazimvetsa ndikamawafotokozera. Kwathu munthu akamaliza Fomu 4 mpira sutha: pali bwalo la pulayimale madzulo, pali timu ya m'dera, pali ya madoda Lamlungu. Mpira uno suseweredwa pamsewu. Zida zake n'zasukulu, aphunzitsi ndi asukulu, ndipo kwa ana ambiri wezulo yomaliza ya sekondale ndiyo yomaliza moyo wonse. Choncho ululu wa mwana wanu ndikuudziwa, ndipo sindikuuchepetsa.

Mwina mukudabwa kuti masewero a sukulu ina anatikhudza bwanji. Ku Ohio salowetsa timu potengera kuchuluka kwa masewero omwe yapambana kokha. Amawerengera mapointi a Harbin, njira imene inayambitsidwa ndi Jack Harbin. Masukulu anagawidwa m'magulu 7 malinga ndi kuchuluka kwa anyamata pasukulupo. Mukagonjetsa sukulu ya gulu loyamba, la masukulu akuluakulu, mumapata mapointi 6.5, ndipo amatsika ndi theka pa gulu lililonse mpaka 3.5 pa gulu lachisanu ndi chiwiri. Kenako pali mapointi achiwiri: timu imene mwaigonjetsa ikamapambana masewero ake ena, inunso mumakololako. Koma mukagonja, kaya ndi pointi imodzi yokha kwa akatswiri a dera lonse, mumatuluka chimanjamanja. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwererakonso.

Ma playoffs a ku Ohio anayamba mu 1972 ndi matimu 12 okha m'dera lonse. Anakula pang'onopang'ono, mu 1999 anafika pa matimu 8 m'chigawo, mu 2013 magulu anakhala 7. Mu 2020, chifukwa cha Covid-19, sizoni inafupikitsidwa ndipo timu iliyonse yofuna inaloledwa kulowa. Chaka chotsatira bungwe la OHSAA, loyendetsa masewero a masekondale ku Ohio, linakhazikitsa 16 m'chigawo chilichonse mwa zigawo 28, kutanthauza matimu 448 mwa masukulu pafupifupi 700 amene amasewera. Bungwe la aphunzitsi a mpira linkafuna 12 ndipo linadandaula poyera. Ine ndinakondwa. Ndinatumizira mwana wanga uthenga ali kukoleji kuti taona, zimene zinakuchitikira iwe sizidzachitikiranso mng'ono wako.

Mng'ono wakeyo analowadi, mu 2022. Timu yawo inapambana masewero atatu okha chaka chonse, koma inathera pa nambala 15, ndiye inapatsidwa nambala 2, kwawo kwa eniakewo. Tinayenda ola ndi theka kukuzizira kwa kumapeto kwa Okutobala. Anyamata athu ovala yunifolomu analipo osakwana 30, ena mwa iwo ana a zaka 14 amene sanayambe n'kumeta ndevu komwe. Mbali inayo anadzaza mzere wonse. Ku Ohio kuli lamulo lakuti timu ikatsogola ndi mapointi 30 m'chigawo chachiwiri, wotchi imangoyenda osaimitsidwa kuti masewero athe msanga. Wotchiyo inayamba kuyenda titangobwerako kopuma. Ndinaona mphunzitsi wathu akuyang'ana pabenchi kufuna woti alowe m'malo mwa mnyamata amene anatuluka atagwira phewa, n'kupeza kamwana kamene helimeti inkachita kukazungulira m'mutu. Anakalowetsa, chifukwa panalibenso wina. Mayi ake anali pafupi nane, ndipo sanayang'anenso kubwalo mpaka mapeto.

Pobwerera m'galimoto mwana wanga anandiuza kuti, "Adadi, bola tikanathera sabata yatha." Sabata yathayo anali atagonjetsa sukulu yoyandikana nayo, adani awo akalekale, tawuni yonse ili pabwalo, bandi ikuimba. Akanatsekera pamenepo. M'malo mwake chimene amakumbukira ndi wotchi yothamanga ija.

Ndiye ndili ndi ana awiri, wina anatsekeredwa kunja atayenera kulowa, wina analowetsedwa kumene sanayenere kupita. Kwa kanthawi ndinkati zonse zili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Lero sindikuteronso. 16 inali yolakwika, ndipo sindikufuna ibwerere. M'gulu loyamba muli masukulu pafupifupi 70, ndiye 64 akamalowa, masabata khumi aja ana amavutikiranji? Timu yokafika kumapeto ku Canton, pa Tom Benson Hall of Fame Stadium, koyambirira kwa Disembala, inkakhala itasewera masewero 16. Osewera a NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, anthu olipidwa mamiliyoni, ankasewera 16 pa sizoni yawo mpaka 2020. Awa ndi ana oti m'mawa mwake akalembe mayeso a masamu. Ndalama za pachipata m'ma playoffs n'zimene zimayendetsa mbali yaikulu ya ntchito za bungwelo, kuphatikizapo masewero ena amene sabweretsa khobidi, ndipo zimenezo ndimazimvetsa. Koma ndalamazo zisachokere pa phewa la mwana wa zaka 14. Pamene mu 2025 anatsitsa kufika pa 12, matimu anayi apamwamba n'kumapuma sabata yoyamba, ndinati afika pomwe aphunzitsi ankanena poyamba paja.

Ndikudziwa chimene ena andiyankhe, chifukwa ndinayankhidwa kale. Tinapita ku South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri, kuchinkhoswe cha mwana wa mnzanga, ndipo nkhaniyi inabuka tikuotcha nyama panja. Ku Indiana timu iliyonse imalowa, ngakhale imene sinapambaneko, ndipo amachita maere kuti adziwe wokumana naye. Achimwene ena kumeneko anandiuza kuti ife a ku Ohio timadzivutitsa ndi masamu, kwawo mwana aliyense amadziwa kuti ali ndi mwayi. Tinakangana mpaka nyama inapserera. Ndinawavomereza chinthu chimodzi, ndipo n'chachikulu: poti kugonja mu Seputembala sikutsekera aliyense pakhomo, mphunzitsi wa ku Indiana saopa kuitana timu yamphamvu. Koma maere aja amathanso kugundanitsa matimu awiri abwino kwambiri sabata yoyamba, wina n'kupita kwawo msanga pomwe ofooka akupitirira. Zimenezonso si chilungamo.

Za ndandanda wa masewero

Apa ndi pomwe pagona nkhani, Mayi, ndipo pepala lanulo silikupakhudza. Ku Ohio palibe ofesi imene imakonzera masukulu ndandanda. Sukulu ikakhala mu ligi, masewero ambiri amachokera mu ligimo, otsalawo mkulu wa zamasewero pasukulupo amachita kusaka yekha, kuimba mafoni, n'kusayinirana mgwirizano, kawirikawiri wa zaka ziwiri, chaka chino kwanu chaka chamawa kwathu. Tsono kumbukirani mapointi aja. Ngati kugonja kwa timu yamphamvu sikupatsa kanthu, aliyense amafuna mdani mmodzimodzi: sukulu yokulirapo, yoti angathe kuigonjetsa, koma yoti ikapambane masewero ake ena. Timu yabwino kwambiri anthu amaithawa. N'chifukwa chake masukulu ngati St. Edward ya ku Lakewood ndi St. Ignatius ya ku Cleveland amasewera ndi matimu ochokera kunja kwa Ohio, nthawi zina mpaka a ku Canada. Timu yofooka kwambiri nayonso ena saifuna, poti kuigonjetsa sikubala mapointi achiwiri. Otikulitsira ma playoffs ankati mantha amenewa atha, aphunzitsi ayamba kulimba mtima. Ine pabenchi pomwe ndimakhala sindinaone kusintha, chifukwa aliyense ankafunabe nambala yapamwamba kuti akasewerere pakhomo.

Onjezanipo masukulu osamukasamuka m'maligi, amene akachoka amasiya dzenje pa ndandanda wa anzawo onse. Onjezanipo masukulu ang'onoang'ono akumidzi amene anyamata akavulala atatu kapena anayi amaimba foni Lachiwiri kuti sitibwera; ena mwa iwo anasamukira ku mpira wa anthu 8 mbali iliyonse m'malo mwa 11, ndipo ndimawalemekeza pa chisankho chimenecho. Oimbira nawonso akuchepa, achikulire akupuma, achinyamata sakufuna kutukwanidwa ndi makolo, mpaka masewero ena amasunthidwira Lachinayi kapena Loweruka. Lachisanu lanu lopanda mpira lija linachokera pa chimodzi mwa zimenezi, ndipo ulendo wa maola atatu uja unali mkulu wa zamasewero akuthamangira aliyense amene anali ndi tsiku lomwelo lopanda kanthu.

Zimandikumbutsa ndili Fomu 3 kwathu, titakwera lole m'mamawa kupita kukasewera ndi sekondale ina, titasonkherana tokha ndalama ya dizilo. Tinafika n'kupeza anzathuwo atapita kumaliro a mphunzitsi wawo, uthenga sunatipeze. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka masana, n'kubwerera. Palibe amene anatilanda chikho tsiku limenelo, komabe mpaka lero ndimalikumbukira kuposa masewero ambiri amene tinagonja. Mwana amene wakonzekera sabata yonse amafuna asewere. Mwana wanu analandidwa Lachisanu limodzi mwa khumi, ndipo pa zaka zinayi za sekondale masiku amenewa ndi 40 okha. Limenelo ndiye likundiwawa kuposa nambala 13.

Chimene ndingasayinire ine ndi pepala lopempha kuti timu yogonja kwa mdani wamphamvu izipatako kenakake, ngakhale kochepa, kuti kulimba mtima kusamakhale chilango. Ndingasayinirenso lopempha kuti m'chigawo chilichonse mukhale njira yolumikizitsa masukulu amene atsala opanda mdani, asanafike poitana timu ya kutsidya kwa dera.

Pepala lanulo musasayine. Pitani kwa mkulu wa zamasewero pasukulupo nyengo yozizira ino, ndandanda wa chaka chamawa asanautseke, mukamufunse kuti masewero akunja kwa ligi anasayinirana ndi ndani, kwa zaka zingati, ndipo sabata yopanda kanthu ija yatsekedwa kapena ayi. Mupite ndi makolo awiri kapena atatu, mwaulemu, poti munthuyo nayenso amagona mochedwa ndi mafoni omwewa. Ngati mwana wanu ali ndi chaka china, muuzeni kuti sewero limodzi lija likanaseweredwa n'kupambana, mwina bwenzi tikukamba za nambala 11.